Maliro a Momchil Wamoyo

Nyumba ya a Raicho Shopov inali yachitatu kuchokera pa geti la sukulu ya sekondale ya ku Lozen Brod, ndipo inali nyumba ya dongosolo. Nkhuni zawo zinkasanjidwa kukhoma ngati mabuku, ndipo palibe amene ankagwira supuni mwini nyumba asanapemphere. A Raicho adatumikira pa sukulupo zaka makumi awiri ndi ziwiri. Ndiwo ankasonkha ng'anjo yotenthetsa makalasi m'nyengo yozizira, ndiwo ankakonza maloko ndi mawindo, ndiwonso ankaliza belu. Akazi awo, a Nedyalka, ankaphikira ana msuzi wa nyemba m'khitchini ya sukulu yomweyo. Mwana anali mmodzi yekha, Momchil, wobadwa makolo atamera kale imvi. Ndidamuona akukula, pakuti ine Stoimen ndinali mkulu wa pa tchalitchi komanso wapampando wa komiti ya makolo. Ndikuchitira umboni kuti mwanayo sadasowe chakudya, sadasowe malangizo, sadasowenso chikondi.

Mudzi wathu unkatha pang'onopang'ono. Amuna ndi akazi a mphamvu ankapita ku Spain kukathyola zipatso kapena ku Italy kukasamala nkhalamba za eni ake, ndipo akakhazikika ankabwera kudzatenga ana awo. Chaka chimene Momchil adakwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ku ofesi ya maphunziro kudachokera kalata yachidule. Kalasi ya naini ikhale ndi ophunzira khumi ndi awiri. Akaperewera ngakhale ndi mmodzi, sukulu yonse itsekedwa, ndipo ana azikwera basi kupita ku tauni, makilomita makumi atatu kuseri kwa phiri.

Mphunzitsi wamkulu, mayi Belcheva, adayenda khomo ndi khomo mwezi wonse wa Ogasiti. Adapeza ana khumi ndi mmodzi. Wachikhumi ndi chiwiri anali Momchil, amene adalephera mayeso n'kubwereza kalasiyo.

M'mawa wa tsiku lotsegulira sukulu, a Nedyalka adathira madzi pakhomo patsogolo pa mapazi a mwana wawo, monga timachitira tonse.

"Ponda pamenepa, chaka chikuyendere ngati madzi," adatero akumukonza kolala.

"Amayi, ndakula ine. Anthu akuona."

"Aone. Tenga maluwawa ukapatse aphunzitsi."

A Raicho adamugwira phewa. "Imva, mwana wanga. Chaka chino sukupita kusukulu chifukwa cha iwe wekha. Mpando wako ukangokhala wopanda munthu, ine ndi amako ntchito yatha, ndipo ana a eni ake ayamba kuthamangira basi kusanache."

"Ndamva, ababa."

"Wamva ndi makutu. Ine ndikufuna miyendo."

Kuseri kwa chigayo chakale kuli chisakasa chimene timatchezeramo rakiya, kachasu wathu wa zipatso. Njira ya Momchil sinkadutsa kumeneko, adachita kupatuka yekha. M'chisakasamo munkaswera Tihomir, mwana wa mlongo wawo wa a Nedyalka, amene adabwerako ku Germany ndi galimoto yakale ya magalasi akuda ndi pakamwa potsekemera. Ntchito yake inali yogula zitsulo zakale, ndipo sankafunsa kumene zachokera.

"Thwelofu!" adafuula ataona msuweni wakeyo. "Tabwera kuno, Thwelofu! Akuwerenga kale lero, nkhosa ya mayi Belcheva?"

Amuna amene anali pamoto adaseka. Momchil adalowa.

"Aise, ukudziwa kuti m'mudzi muno mulibe munthu wodula ngati iwe? Aphunzitsi naini akudyera pamutu pako. Ndiye amakugawira zingati pa mwezi?"

"Sandigawira."

"Usandiuze! Ngakhale bulu amamuponyerako udzu akakoka ngolo. Gwira kapu iyi, yangotsika kumene, ikadali yofunda."

"Ababa akamva fungo andipha."

"Akuphe? Akakupha atsala ndi leveni. Iwe sukudziwa mphamvu zako, mphwanga. Chaka chino palibe angakukhudze, ngakhale wansembe amene."

Mawu amenewo adamulowa mnyamatayo msanga kuposa mowawo.

Sabata yoyamba adapita kusukulu masiku onse. Yachiwiri adajomba kawiri. Yachitatu sadaonekeko n'komwe. Ankatuluka m'nyumba ndi chikwama cha mabuku, n'kukachikoleka pa msomali wa m'chisakasa. Koma Tihomir sankamwetsa munthu ulere kwa nthawi yaitali. Tsiku lina a Raicho adatsegula bokosi lawo la zipangizo n'kupeza masipanala onse mulibe, pamodzi ndi mpukutu wa paipi ya mkuwa imene sukulu idagula yokonzera ng'anjo.

Madzulo ake adamudikira pa tebulo, lamba ali m'manja.

"Zipangizo zanga zili kuti?"

"Mwina mbewa zadya."

A Raicho adaimirira n'kukweza dzanja. Mnyamatayo sadatsinzine n'komwe.

"Menyani, ababa. Mawa ndikwera basi ya ku Sofia, ndiye mukawerengere mayi Belcheva leveni."

"Raicho, chonde!" adalira a Nedyalka atagwira mkono wa amuna awo. "Musiyeni, ndi ubwana chabe. Akachoka tigwira mtengo wanji?"

Dzanja lija lidatsika pang'onopang'ono. Ine ndimati sukulu yathu idatsekedwa madzulo amenewo, ngakhale kalata idabwera pambuyo. Mwana akazindikira kuti makolo ake akumuopa, m'nyumbamo mulibenso mutu.

Nditamva zimenezi ndidapita ku ofesi ya mphunzitsi wamkulu.

"Mayi, kaundula wanu akuti chiyani za mwana wa a Raicho?"

"Akuti alipo."

"Ndipo alipodi?"

"A Stoimen, ndili ndi ana oposa makumi asanu pano. Ndikalemba kuti palibe, ndapha sukulu ndi cholembera changa chomwe."

"Bodza la chifundo ndi bodza ndithu, mayi, ndipo silisankha tsiku loululikira."

"Ndipatseni masiku ochepa. Ndikamutenga ndekha."

Lolemba lotsatira, cha m'ma teni koloko m'mawa, mayi Belcheva adavala chikhotho chawo chotuwa n'kukalowa m'chisakasa muja, mmene mkazi wa ulemu wake salowamo. Adapeza Momchil atakhala pa mgolo, kapu ili m'manja.

"Dzuka. Tiye m'kalasi."

"Mwandibweretsera chiyani, aphunzitsi? Ine masiku ano sindiyenda ulere."

Amuna aja adaseka mpaka wina kutsamwa. Nkhope ya mayiyo idasintha. Anali munthu wodekha, koma tsiku limenelo lilime lidamupulumuka.

"Bambo ako akadabereka mwala, bwenzi titauika pa desiki n'kumauwerenga, ndipo sukadanunkha chonchi. Kwa ine wafa kale, Momchil. M'mawa uliwonse ndimangolemba dzina la mtembo."

Adatuluka. Tsopano amene ankasekedwa anali Momchil, ndipo makutu ake adafiira.

"Wamva, mwala?" adatero Tihomir akumukodola ndi chigongono. "Akuti wafa. Ndiye ifa, aise! Tione ngati salira."

Tsiku limenelo Momchil sadabwerere kwawo, ngakhalenso mawa lake. Lachitatu awiriwo adapita ku tauni. Momchil adabisala m'galimoto, Tihomir n'kulowa yekha m'kasitolo kosindikiza mapepala, nkhope ili ndwii, atanyamula chithunzi cha msuweni wake. Adatulukamo ndi manekrolog makumi awiri, mapepala olengeza imfa ya munthu, mzere wakuda kuzungulira, mtanda pamwamba, chithunzi pakati. Pansi pake padalembedwa kuti: Watisiya mwadzidzidzi wokondedwa wathu Momchil Raichov Shopov, wa zaka 16. Gona mumtendere, mwana wathu. Tsiku la imfa adalemba Lolemba lija.

"Tiwonjezere kanthabwala pansipa ndi cholembera," adatero Momchil.

"Ayi, usaononge. Nthabwala imakoma ikamaoneka yoona."

Lachinayi masana, mudzi wonse uli m'minda kukolola mphesa zotsiriza, adamata mapepalawo pa mtengo wa pa siteji ya basi pamene timamata a akufa athu onse, pa mpanda wa tchalitchi, ndi pa geti la sukulu. Kenako adathamangitsa galimoto kupita ku damu ndi botolo, kukadikira kuti nkhani ipse.

Sadadziwe kuti basi ya masana idzatsitsa mlendo. Anali woyendera sukulu wochokera ku ofesi ya maphunziro, bambo wamfupi wa magalasi, amene adabwera mosadziwitsa. Adaima pa mtengo paja akutsiriza kudya banitsa, chitumbuwa cha tchizi chimene adagula ku tauni, n'kumawerenga manekrolog monga aliyense amachitira. Adapukusa mutu poona mwana wamng'ono chotero. Pa geti la sukulu adaionanso nkhope yomweyo, guluu asanaume.

Adalowa m'kalasi ya naini, n'kupempha kaundula, n'kuyamba kuitana mayina. Ana khumi ndi mmodzi adavomera.

"Momchil Shopov?"



"Wagwidwa ndi chimfine lero, bwana," adatero mayi Belcheva. "Dzulo analipo."

"Dzulo analipo?"

"Inde, bwana. Ndi umo ndalemberamo."

"Ndi dzana lomwe, ndikuona. Koma mayi, pa geti lanu pali nekrolog yonena kuti mwana ameneyu anamwalira Lolemba."

A Raicho anali m'khonde, belu lili m'manja, kudikira kuti nthawi ikwane. Adamva zonse. Belu lidagwa pansi, ndipo adathamangira ku geti ngati mnyamata. A Nedyalka adawatsatira kuchokera ku khitchini, chipande chikadali m'manja. Mwana wawo anali atasowa masiku atatu. Wina adati adaona galimoto ya Tihomir ikuthamanga mopenga. Wina adati ndiye kuti ndi ngozi, Tihomir waopa kukanena pamaso. A Nedyalka adayang'ana chithunzicho, n'kugwa chagada.

"Mayo, mwana wanga! Ndinamukalipira Lamulungu, ndinamumana ndi chakudya chomwe! Raicho, tamupha ndife!"

Belu la ku tchalitchi lidayamba kulira kamodzikamodzi. Anthu adasiya madengu m'minda n'kubwera akuthamanga, manja ali psuu ndi madzi a mphesa. Azimayi adazungulira a Nedyalka, amene ankadzigudubuza m'fumbi n'kumakanda chitsulo cha geti mpaka zikhadabo kutuluka magazi. Mayi Belcheva adangokhala pa masitepe akukumbukira mawu amene adanena Lolemba. Ine ndidaima ndi a Raicho, tikukambirana za kumene tikafunse mtembo. Mudzi udalira maola awiri athunthu.

Pamenepo galimoto ya magalasi akuda idatulukira ikuliza hutala. Momchil adatulutsa mutu pa windo, botolo lili m'mwamba.

"Ndauka, anthu inu! Mayi Belcheva, ndiwerengeni! Amayi, mukulira chiyani? Thwelofu wabwera!"

Palibe adaseka. A Nedyalka adadzuka, n'kuyenda mpaka pa galimoto, n'kumugwira nkhope ndi manja onse awiri ngati wosaona. Kenako adamusiya n'kulowera kwawo, mpango wawo uli m'fumbi.

Woyendera sukulu uja adatembenukira kwa mtsikana wina wa m'kalasi ya naini.

"Iwe, mnzakoyu analowa liti m'kalasi komaliza?"

Mtsikanayo adayang'ana pansi. "Mu Sepitembala, bwana."

"Mwamva, mayi Belcheva. Wakufa sindingamuwerenge. Wamoyo amene sanaponde m'kalasi milungu itatu sindingamuwerengenso. Ndikadangopeza mpando umodzi wopanda munthu, ndikadakhulupirira chimfine chanucho n'kukwera basi. Tsopano ndipatseni kaundulayo ndipite naye."

Sukulu idatsekedwa pa 1 Novembala. Mayi Belcheva adachotsedwa ntchito chifukwa cholemba zabodza, kutangotsala zaka ziwiri kuti apume ndi ulemu. A Raicho adalamulidwa kukhetsa madzi onse m'mapaipi, kukhoma zitseko ndi kukapereka makiyi. Adachita zonsezo mosamala monga ankachitira ntchito iliyonse, ndipo pobwerera kwawo adayenda ngati nkhalamba.

Basi ya ana inkanyamuka sikisi koloko, kunja kukadali mdima, n'kubwera nawo dzuwa litalowa. Ana ang'onoang'ono ankasanza m'makona a phiri. Chisanu chikagwa kwambiri basi sinkabwera n'komwe. Khirisimasi isanafike mabanja asanu adakhoma nyumba zawo n'kusamukira ku tauni. Aphunzitsi amene ankachita lendi m'mudzimo adachoka, ndipo a Zlatka a ku sitolo adayamba kuitanitsa theka la buledi amene ankaitanitsa kale.

Mudzi sudamumenye Momchil. Udangomukhulupirira. Iye adalemba yekha kuti wafa, ndiye anthu adamutenga kuti ndi wakufa. Manekrolog aja palibe adawachotsa, ndipo mvula ikawaononga, m'mawa pankapezeka atsopano. Akapereka moni mumsewu, anthu ankachita chizindikiro cha mtanda n'kupitirira. Ana ankamuthawa akukuwa kuti, "Mzukwa! Mzukwa!"

Tsiku lina adalowa m'sitolo muli anthu.

"Buledi mmodzi, azakhali."

A Zlatka adayang'ana kudenga. "Anzanga, mwaimva mphepoyi? Chitseko chatseguka chokha."

"Azakhali, ndalama izi."

"Koma ndiye kukuzizira ngati kumanda muno. A Kolyo, tatsekani chitsekocho, pakulowa fungo."

"Ndikuyankhula ndi inu!"

"Malemu uja anali ndi mawu ngati amenewa," adatero a Kolyo, dalaivala wopuma, akuyatsa fodya. "Mulungu amukhululukire. Anali chitsiru, koma ankawerengeka."

Sindikunena kuti mudzi udachita bwino. Ndidawadzudzula Lamulungu pambuyo pa mapemphero. Adandimvera mwaulemu, koma sadasiye. Anali anthu amene ankadzutsa ana awo faifi koloko.

Momchil adabwera kwanga ndikudula nkhuni.

"A Stoimen, auzeni anthuwa kuti inali nthabwala."

"Akudziwa. Pita kwa mayi Belcheva ukagwade. Ukachoka kumeneko uyende khomo ndi khomo monga anayendera iwo mu Ogasiti, upepese kholo lililonse. Ndiyenda nawe. Kenako uyambe kukwera basi pamodzi ndi ana amene wawakweza basiyo."

"Ndigwadire anthu ondiseka? Mayi ajatu ndi amene anayamba kunditchula mtembo."

"Iwo alipira kale mawu awo. Iwe sunayambe n'komwe."

"Madala, inunso ndinu amodzimodzi," adatero, n'kulavula pambali pa nkhuni zanga.

Khomo limenelo lidatseguka kamodzi, ndipo adalitseka yekha.

Tsiku la makumi anayi chichokere Lolemba lija, amayi asanu ndi mmodzi ovala zakuda adafika pa geti la a Raicho ndi mbale yaikulu ya tirigu wowiritsa wothira shuga, monga timachitira pokumbukira wakufa. Ankagawira aliyense wodutsa, wolandirayo n'kunena kuti, "Mulungu amukhululukire." Momchil adatuluka m'nyumba ndi ukali.

"Chokani pano, afiti inu! Ababa, tulukani muwathamangitse!"

A Raicho adatuluka atavala suti yawo ya ku tchalitchi. M'dzanja limodzi munali kabotolo ka guluu, m'dzanja linalo pepala. Adalimata pa geti lawo lomwe, n'kulisalaza bwinobwino ndi chikhatho. Linali nekrolog yatsopano: Masiku makumi anayi popanda mwana wathu Momchil.

"Ababa? Inu?"

A Raicho adatembenukira kwa amayi aja. "Ndinali ndi mwana, azimayi. Anamwalira mu Okutobala. Analemba yekha, ndipo ine ndinamulira pa geti la sukulu anthu onse akuona. Sindingalire kawiri." Adalandira supuni ya tirigu n'kudya.

"Amayi!" adakuwa Momchil. "Amayi, tamvani zimene akunenazi!"

Katani ya pa windo idagwedezeka, koma a Nedyalka sadatuluke.

Pa ngodya ya msewu galimoto ija inali ikudikira.

"Lowa, malemu," adatero Tihomir. "Ine ndekha ndi amene ndimacheza ndi mizukwa. Ndili ndi kaganyu. M'sukulu muja muli zitsulo makumi anayi zotenthetsera makalasi, chilichonse cholemera kuposa iwe. Zikungochita dzimbiri. Iwe ukudziwa windo la ku ng'anjo limene silikhomeka."

"Ababa anazisamala zaka zonsezi."

"Ababa ake ati? Wakufa alibe bambo. Tiye, Lamulungu onse akhala ali kwa wansembe."

Lamulungu m'mawa, ife tili m'tchalitchi, adalowera pa windo lija n'kutsegula chitseko cha kumbuyo. Adamasula zitsulo za m'makalasi a pamwamba ndi masipanala omwe aja a a Raicho. Zitatu adazitsitsa bwino. Pa chachinayi, Momchil ali kumunsi kwa masitepe, Tihomir kumtunda, onse atalawa kale, chitsulocho chidapulumuka. Chidamugwetsa Momchil mpaka pansi n'kumupanikiza mwendo wamanzere ku khoma. Fupa lidatulukira pa buluku.

"Tihomir! Chichotse! Ndikufa!"

Tihomir adayesa kamodzi, chitsulo osasuntha. Adayang'ana magazi, adayang'ana pa windo.

"Ndikukaitana anthu, mphwanga. Usachoke."

Adakweza zitsulo zitatu zija m'galimoto, ndipo m'mudzi mwathu sadaonekenso.

Mwezi umodzi m'mbuyomo, munthu akadakuwa pa masitepe amenewo tsiku lililonse la sukulu, ana makumi asanu akadathamangirapo. Tsopano munalibe munthu, munalibe moto, ndipo kunja kudayamba kugwa chisanu. Momchil adakuwa mpaka mawu kusasa. Anthu atatu adadutsa kuseri kwa mpanda masana amenewo ndipo adamumva. Adavomera okha pambuyo pake. A Kolyo adalowa m'sitolo akuseka, nati, "Mzukwa wathu wasamukira ku sukulu, ukuitana mayina." Onse adaseka. Ankayesa kuti waledzera, kapena wayambanso nthabwala ina. Palibe adapita kukaona.

A Raicho anali ndi chizolowezi chimene sadathe kuchisiya. M'mawa uliwonse ankazungulira mpanda wa sukulu, ngakhale analibe kiyi kapena malipiro. Lolemba m'mawa adaona chitseko cha kumbuyo chili pululu. Adalowa. Pa masitepe padamveka kamawu ngati ka mwana wa mphaka.

"Ababa."

Adatenga mtengo n'kutukula chitsulocho okha, munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi. Adamukweza pa wilibala ya malasha n'kumukankha kudutsa pakati pa mudzi mpaka pa siteji. Anthu adatuluka m'nyumba n'kuima m'mbali mwa msewu. Palibe adachita chizindikiro cha mtanda tsiku limenelo, ndipo a Kolyo ndi amene adathamanga kukatulutsa galimoto yawo. 

Ku chipatala cha ku tauni adaudula mwendowo pamwamba pa bondo, pamodzi ndi zala ziwiri za dzanja zimene zidafa ndi chisanu. Mlandu wa kuba udamugwera yekha. Woweruza adayang'ana buluku lopindidwalo n'kumupatsa chilango chogwirira kunja, nati ndende ilibe chowonjezera.

A Nedyalka, pa msinkhu umene anzawo akulera zidzukulu, adakwera basi ya ku Italy kukasambitsa nkhalamba ya eni ake kuti pakhomo pazipezeka chakudya. Mayi Belcheva adasamukira kwa mng'ono wawo ndipo adamwalira patapita zaka zitatu. Momchil sadafike kwa iwo kukagwada. Denga la sukulu lidagwa chaka chatha. A Raicho amamuphikira mwana wawo, amamuchapira, amamuthandiza kukwera masitepe a pakhomo, koma m'nyumba muja simumvekanso kuseka. Momchil tsopano ali ndi zaka makumi atatu. Anthu amamuyankha moni, koma alibe ntchito, alibe mkazi, alibe satifiketi. Ana amene amakwera basi m'mudzi mwathu atsala asanu ndi awiri.

Ana inu amene mukuwerenga izi, mvetsani. Momchil sadayambe ndi kuba kapena kunyoza imfa. Adayamba tsiku limene adazindikira kuti anthu akumudalira, n'kusandutsa chidalirocho kukhala chikwapu chokwapulira makolo ake. Kujomba kudabala mowa, mowa udabala kuba, ndipo nthabwala ya masana amodzi idatseka sukulu imene agogo athu adamanga ndi manja. Mpando wanu wa m'kalasi si wanu nokha. Mukamva mnzanu akukuuzani kuti palibe angakukhudzeni, thawani, pakuti iyeyo ndi amene adzayambe kukusiyani. Ndipo mukalakwa, gwadani tsiku lomwelo, miyendo yogwadira ikadalipo yonse iwiri.